Mapositikhadi awiri a bandi ya malipenga m'sutikesi ya malemu agogo: ndani angandithandize kuwazindikira?

Mdzukulu wa ku Chitakale analemba:

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndili ndi mapositikhadi awiri akale kwambiri, onse a bandi ya malipenga, ndipo ndikufuna wondithandiza kuwamvetsa. Ndifotokoza ndi mawu zimene zikuonekapo, poti ambirife bandulo imatha chithunzi chisanatseguke.

Makhadiwa anali m'sutikesi yachitsulo ya malemu agogo anga aamuna, obereka mayi. Agogowo analowa ntchito ali kamnyamata kukhitchini kwa mzungu wina pa esiteti ya tiyi konkuno ku Mulanje, ndipo anakhala khukhi mpaka kukalamba. Sutikesiyo inkasungidwa kwa amalume. Namondwe Freddy atasasula denga lawo mu March 2023, za m'katimo zambiri zinawonongeka. Malisiti a msonkho anamatana, kalata ya ukwati inangotsala kachidutswa. Makhadi awiriwa anapulumuka chifukwa anali pakati pa buku la nyimbo za kutchalitchi la chikuto cholimba.

Loyamba ndi la azungu okhaokha. Alipo 24 m'mizere itatu, ena ataima, ena atakhala pa benchi, ndipo kamnyamata kena kakhala pansi katafukata lipenga laling'ono. Avala majekete a mabatani owala ndi zipewa zofanana. Pakati pali ching'oma cholembedwa, koma dzina la kwawo latchingidwa ndi bondo la munthu. Chongowerengeka n'chakuti “Prize Band”. Patsogolo aikapo chikho. Kumbuyo kwawo kuli chinyumba cha njerwa cha chumuni chachitali. Kuseri kwa khadi kuli sitampa ya mfumu ya ndevu, chidindo cha 1928, ndi keyala ya mzungu uja: dzina lake, esiteti yake, kenako “Mlanje, Nyasaland”.

Lachiwiri ndiye landigwira mtima. Ndi anthu athu, amuna 13, ovala makabudula ndi malaya a matumba pachifuwa. Awiri okha ndiwo ali ndi nsapato. Ng'oma yaikulu ndi imodzi, zazing'ono ziwiri, otsalawo agwira malipenga. Aima kutsogolo kwa nyumba yaitali ya khonde, ndipo kuseri kwa denga kukuoneka phiri. Khadi limeneli silinapite ku positi, lilibe sitampa. Kuseri anadinda “POST CARD”, ndipo wina analemba ndi pensulo kuti “Mlanje, Xmas”. Basi. Chaka palibe, dzina la woimba ngakhale mmodzi palibe. Dzina la mzungu pa khadi linalo likuwerengeka lero lomwe ndi inki yake yakuda bii, koma amuna 13 amene anaima padzuwa atapukuta malipenga awo palibe anawalemba.

Amalume akuti wa ng'oma yaing'ono kumanjako ndi agogo enieniwo. Mayi akukana, akuti agogo sanaimbepo ng'oma, ameneyo ndi mkulu wawo amene anapita kunkhondo. Nkhaniyi ikayambika pakhomo nsima imazizira m'mbale.

Ndiye mafunso anga ndi awa. Khadi lachiwirili lingakhale la zaka ziti? Inali bandi ya ndani: asilikali, mishoni, kapena esiteti? Nanga ndisunge bwanji? M'mphepete mwake mwayamba kunyezimira mwabuluu, ndipo mnyamata wa pa shopu ya fotokope akuti ndipangitse lamineti. Palinso munthu wina pa Facebook amene akuti akufuna kugula onse awiri.

Wojambula wakale wa ku Luchenza analemba:

Mayi, lamineti ayi. Ndayamba ndi pamenepo chifukwa zinazi zikhoza kudikira. Makina aja amawotcha pulasitiki ndi guluu n'kuzimatiza pa chithunzi, ndipo zikamatana sizimatukanso. Ine ndagwira ntchito ya situdiyo kuyambira nthawi ya zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo anthu andibweretserapo zithunzi za makolo awo zitatupa m'kati mwa lamineti kuti ndizikonze. Pamenepo munthu umangopepesa.

Pezani galasi lokulitsa zinthu, ngakhale la ku labu ya sukulu, muyang'ane pankhope ya munthu mmodzi. Mukaona timadontho tating'ono tondandalikana, ndiye kuti khadilo linasindikizidwa pa makina, ndipo anzake anapangidwa mazanamazana. Mukaona kuti mthunzi ukungosalala popanda madontho, chimenecho ndi chithunzi chenicheni, chotsukidwa kuchokera ku negetivu pa pepala lojambulira limene kuseri kwake anadindiratu mizere ya positikhadi. Kunyezimira mukunenako kukundiuza kale kuti lachiwirilo ndi la mtundu umenewu. Zithunzi zakalezo zimapangika ndi siliva, ndipo chinyontho chikazilowa kwa zaka zambiri silivayo amakwera pamwamba, makamaka pakuda ndi m'mphepete. Musapukute ndi nsalu, musanyowetse, musiyeni choncho.

Makhadi otere anafala pamene Kodak inatulutsa kamera yake ya 3A mu 1903. Negetivu yake inali yofanana kukula ndi positikhadi, moti munthu wamba ankatha kujambula bandi ya kumudzi kwawo n'kutsuka makhadi khumi kapena makumi awiri, woimba aliyense lakelake, otsala n'kutumiza kwa abale. N'chifukwa chake ku Britain ndi ku America timatauni tosatchuka n'komwe tili ndi zithunzi za mabandi awo. Zikutanthauzanso kuti lanu lachiwirilo mwina latsala lokha padziko.

Za chaka, tembenuzani khadi. Ngati pali mzere wogawa pakati, uthenga uku keyala uku, ndiye kuti si lakale kuposa 1902, chaka chimene Britain inalola zimenezi. America inatsatira mu 1907. Kenako onani kabokosi komatapo sitampa, pakona yakumanja kumwamba. Opanga mapepala ankalembamo chizindikiro chawo. Mukapeza “AZO” onani m'makona mwake: timakona-atatu tinayi toloza kumwamba ndi cha m'ma 1904 mpaka 1918, tiwiri kumwamba tiwiri pansi ndi cha m'ma 1918 mpaka 1930. Mukapeza “K Ltd” ndi pepala la Kodak ya ku Britain, lofala pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Koma dziwani kuti kumeneko n'kudziwa zaka za pepala. Kuno katundu ankafika mochedwa, pa sitima ya pamadzi kenako ya pamtunda, ndipo munthu ankatha kusunga paketi imodzi zaka zingapo.

Mfumu ya ndevu pa sitampa ya 1928 ndi George V, amene analamulira kuyambira 1910 mpaka 1936. Khadi limenelo mosakayika linatsikira pano pa Luchenza m'thumba la makalata, poti njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908 kudzera pompano.

Kasungidwe kake, mdani wathu kuno ndi chiperoni. Musatsekere m'jumbo, chinyontho chimatsekeredwa momwemo n'kubala chuku. Khadi lililonse likhale palokha pakati pa pepala loyera lopinda, osati la nyuzi, kenako mu envelopu, m'bokosi, pamwamba pa kabati kutali ndi khoma lakunja ndi utsi wa kukhitchini. Muziyang'anamo chifukwa cha mphemvu ndi chiswe. Chopachika pakhoma chikhale kope.

Msilikali wopuma wa ku Bvumbwe analemba:

Zikomo mayi pobweretsa nkhani imeneyi. Ine ndinali woimba euphonium, lipenga lalikulu lofukata pachifuwa, ku bandi ya asilikali mpaka kupuma, ndiye ndilankhulepo za zida.

Ndiyambe ndi azungu anuwo. Amenewo si mabwana ayi. Ndi anthu aganyu, a m'fakitale ya nsalu kapena a mumgodi wa malasha, ndipo chinyumba cha chumuni chiri kumbuyocho ndi kuntchito kwawo. Mabandi otere anali ponseponse kumpoto kwa England ndi ku Scotland. Zida nthawi zina ankagula ndi mwini fakitale, nthawi zina anthu a m'tauni ankasonkherana n'kumalipira pang'onopang'ono kwa opanga zida monga Besson kapena Boosey. Ankaphunzira madzulo akaweruka, Loweruka n'kukapikisana. Mpikisano wa ku Belle Vue mu Manchester unayamba mu 1853, ndipo bandi ina yotchuka mpaka lero, Black Dyke, inayambira pa fakitale ya nsalu ku Queensbury mu 1855. Bandi ikangopatako mphoto kwinakwake inkalemba “Prize Band” pa ng'oma, n'chifukwa chake aika chikho patsogolo. Nambala mwawerengayo ikugwirizana, chifukwa bandi yathunthu ya mpikisano imakhala ndi oimba malipenga pafupifupi 25: ma cornet ambiri, ma horn, ma baritone, ma euphonium, ma trombone atatu ndi mabesi. Kamnyamata kali pansiko ndi kophunzira, ndipo kawirikawiri kamakhala ka mmodzi wa amene aima kumbuyo. Mwina mzungu wa agogo anu kwawo kunali kumeneko, ndipo m'bale wake ali pa mzere womwewo. Nawonso mayina awo, monga mwaonera, sanalembedwe.

Tsopano anthu athu. Yang'anani lipenga lililonse ngati lili ndi mavalavu, timabatani titatu todina ndi zala. Lopanda mavalavu ndi bugle. Limenelo limatulutsa manoti asanu okha, n'lodzutsira anthu, kuitanira perete, kutsitsira mbendera. Nyimbo ya m'buku simungaimbe nalo. La mavalavu atatu ndi cornet, ndipo limaimba nyimbo iliyonse. Ngati ambiri agwira bugle, imeneyo ndi bandi yoguba, yophunzitsidwa ndi munthu wodziwa za usilikali. Ngati pali ma cornet angapo ndi lipenga lalikulu lofukata pachifuwa, ndiye kuti panali wina wodziwa kuwerenga manoti ndiponso wina wa ndalama zoitanitsira zida kunja.

Asilikali enieni ndikukayika. A King's African Rifles, amene anakhazikitsidwa mu 1902 ndipo kuno likulu lawo linali ku Zomba, pa chithunzi cha mwambo ankavala chipewa chakuda chachitali cha mphonje, lamba, ndi nsalu zokulunga m'miyendo. Sajeni sakanalola kuti awiri avale nsapato ena ayi pa mzere umodzi. Onaninso ngati pali chizindikiro cha nangula pa lamba kapena pa ng'oma, chifukwa nangula ndi wa Boys' Brigade, gulu la achinyamata a mpingo limene linayambira ku Glasgow mu 1883, ndipo mishoni ya ku Mulanje inali ya a Scotland. Koma mwanena kuti ndi amuna akuluakulu, ndiye maganizo anga ali pa esiteti.

Mawu a mayi anu musawataye. Nkhondo yoyamba ija, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, sinali kutali ndi inu. Ajeremani a von Lettow-Vorbeck analowa m'Mozambique mu 1917, ndipo mu August 1918 anamenyana ndi asilikali ochokera kuno pa Lioma, m'dziko la Alhomwe kuseri kwa malire. Amuna ambiri anapita, ena ndi mfuti, ochuluka ngati amtengatenga. Obwerako anabwera ndi kaguba ndi kaimbidwe ka bugle. Nkhondo yachiwiri ena anafika mpaka ku Burma. Munthu wotere akalembedwa ntchito ya ulonda kapena ukapitawo pa esiteti, sizikanavuta kuti asonkhanitse anzake. Pa chithunzi chanucho funani munthu amene waima mosiyana ndi anzake: zidendene pamodzi, chifuwa kutsogolo, chibwano m'mwamba. Msilikali sabisika ngakhale atavula yunifolomu.

Mayi wa ku Likhubula analemba:

Achemwali, ine za mapepala ndi mavalavu sindilowako, koma phiri ndimalidziwa, ndakulira m'tsinde mwake ndipo abale anga ndi operekeza alendo kukwera. Phiri lathu silioneka chimodzimodzi mbali zonse. Ngati kuseri kwa dengako kuli thanthwe limodzi lalikulu losalala, ameneyo ndi Chambe, ndiye kuti anajambulira mbali yathu ino. Ngati ndi khoma lalitali la mizere ya madzi otsetsereka, ndi mbali ya ku Boma kulowera ku Muloza. Ngati phiri lonse likukwana pa chithunzi, laling'ono patali, ndiye kuti wojambula anali cha ku Thyolo. Nditumizireni chithunzicho ndikaonetse anyamata a kuno, amadziwa nsonga iliyonse.

Koma ndinenepo china, abambo a ku Bvumbwe andikhululukire. Mwafotokoza bwino, komabe mawu akuti “Xmas” aja ine andikumbutsa zimene malemu anganga anga ankasimba. Iwo anabwera ali mwana kuchokera ku Mozambique, makolo awo atathawa nkhanza za Apwitikizi, n'kupatsidwa malo pa esiteti posinthana ndi thangata. Ankati tsiku la Khirisimasi antchito onse ankaitanidwa pabwalo, kunkaphedwa ng'ombe, kunkagawidwa mchere ndi sopo, ana n'kumathamanga m'masaka azungu akuonerera ali pakhonde. Malipenga ankalira ndithu. Koma lipenga lomwelo ndi limene linkawadzutsa m'bandakucha kukathyola tiyi mumvula, ndipo wochedwa tikiti yake sinkalembedwa. Anganga akamva bugle pa wailesi ankasintha nkhope. Ndiye pofunsa okalamba mukhale okonzeka, ena sadzakuuzani zosangalatsa zokhazokha.

Izi sizichotsa ulemu wa amuna 13 aja. Munthu wothyola tiyi tsiku lonse n'kukhalanso ndi mpweya woimbira lipenga madzulo, ameneyo anali nacho chikondi pa nyimbo. Ndipo anthu athu sanadikire kuti mzungu awagulire zida. Onani malipenga a ku Nkhata Bay, mganda wa m'chigawo chapakati, beni wa ku Mangochi: kaguba ka asilikali anakatenga n'kukasandutsa gule wawo, malipenga ake a zikho.

Okalamba amene angazindikire nkhope atsala ochepa. Sindikizani makope akuluakulu mupite nawo ku mipingo ya pafupi ndi esitetiyo, mupemphe abusa alengeze. Mu October kumakhala Mulhako pa Chonde, kumene kumasonkhana nkhalamba za m'midzi yonse, a ku Phalombe ndi ku Thyolo omwe. Yambani ndi amayi okalamba. Iwowo ndi amene amakumbukira kuti uyu anakwatira kwa uje, uyu anali mlamu wa uje.

Mnyamata wa ku Limbuli, pano ali ku Zomba, analemba:

Anti, za wogulayo chenjerani. Makhadi a mabandi a azungu alipo ambiri pa intaneti ndipo mtengo wake si wodabwitsa, makamaka dzina la tauni likabisika chonchi. Lomwe akulifuna ndi lachiwirilo, n'chifukwa chake akuti onse awiri. Likapita kunja lidzalembedwa kuti bandi ya ku Africa, malo osadziwika, nkhani n'kuthera pomwepo.

Jambulani mbali zonse ziwiri. Pa sikana muwauze aike 600 dpi kapena kuposa, ndipo muimirire pomwepo mpaka akubwezereni m'manja. Ngati ndi foni, jambulirani pakhonde pamthunzi, fulashi yozimitsa, foni itayang'ana khadi molunjika. Kenako kope mukhoza kukaonetsa ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, ali ndi zithunzi zambiri zakale zoti mufanizire nyumba ndi zovala. Kuno ku Zomba kuli National Archives, ngati mungafune ndikhoza kukakufunsirani. Muonenso kuseri ngati pali mawu a Chipwitikizi akuti “Bilhete Postal” penapake, chifukwa anthu a kwathu kuno ankajambulitsanso ku Milange, mu Mozambique.

Mdzukulu wa ku Chitakale analemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha. Ndikuuzeni zimene ndapeza.

Bambo a ku Luchenza, galasi ndinabwereka kusukulu. Makhadi onse awiri alibe madontho, ndi zithunzi zenizeni. Lachiwirilo lili ndi mzere pakati, ndipo m'kabokosi ka sitampa mwalembedwa “K Ltd”. Chipwitikizi palibe. Lamineti ndaikana, ndipo pano ali m'mapepala oyera pamwamba pa kabati monga munanenera.

Bambo a ku Bvumbwe, galasi lomwelo landionetsa zimene maso anga sankaona. Mwa malipenga khumiwo, asanu ndi awiri alibe mavalavu. Awiri ali nawo. Lotsalalo ndi lalikulu, munthu walifukata pachifuwa, kukamwa kwake kwaloza kumwamba, ndipo m'mbali mwake n'lophwanyika, zikuoneka kuti linafika kuno litagwira kale ntchito kwina. Nangula palibe. Ndiye ndayamba kuganiza: kodi zida zitatu za mavalavuzi sizingakhale zotha ntchito za bandi ya pa khadi loyamba, zimene mzungu uja anapempha kwa abale ake? Uthenga wa kuseri kwa khadi loyambalo ndi wa moni ndi nyengo basi, sukutchula zida. Komabe agogo anasunga makhadi awiriwa patsamba limodzi, ndipo sanali munthu woika zinthu mwachisawawa.

Za munthu woima mwausilikali, alipodi. Ndi mmodzi mwa awiri ovala nsapato, wakumanzere kwenikweni, ndipo pachifuwa pake pali kanthu kowala konga mendulo. Si wa ng'oma yaing'ono uja. Nditaonetsa mayi pa foni nditakulitsa, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati makutuwo ndi a kwathu. Amalume akuti makutu otere m'mudzi mwathu ali nawo aliyense. Ndiye pano mkangano wakula: mwina agogo ndi mkulu wawo onse awiri ali pa chithunzi chimodzi, wina ndi ng'oma wina ndi mendulo.

Achemwali a ku Likhubula, zimene mwanena za anganga anu ndinawawerengera mayi. Anavomera, anati bambo awo Khirisimasi sankaidyera pakhomo, ankaphika kwa bwana mpaka usiku, chakudya cha ana n'kubwera mawa lake m'kachitini. Mfundo imeneyi yawapatsanso mphamvu mayi: akuti munthu amene anali pa chitofu tsiku limenelo akanapezeka bwanji pabwalo ndi ng'oma? Amalume ayankha kuti nthawi imeneyo anali asanakhale khukhi, anali wotsuka mbale chabe.

Phirilo ndi khoma lalitali la mizere ya madzi, osati thanthwe limodzi, zomwe zikugwirizana ndi kumene agogo ankagwira ntchito. Chithunzi ndakutumizirani kuti anyamatawo atsimikize. Pa esitetiyo pakadali nyumba zina zakale za njerwa, ndipo mwamuna wa msuweni wanga amayendetsa thirakitala kumeneko, wati akayang'ana ngati ya khondeyo ilipobe, nsanamira zake ndi zisanu ndi imodzi.

Wogula uja ndamuyankha kuti sindikugulitsa, ngakhale loyambalo, chifukwa tsopano ndikuona kuti limodzi likufotokoza linzake. Iwe wa ku Limbuli, ukapite ndithu ku Archives, ndikutumizira dzina la esiteti ndi la mzunguyo kumbali.

Ndasindikiza makope asanu akuluakulu ndipo ndalemba manambala 1 mpaka 13 pamwamba pa mitu, kuti wozindikira azingotchula nambala. Lamulungu likubwerali ndiyambira kwa gogo wina wa ku mpingo wathu amene bambo ake anali kapitawo komweko. Maso ake ndi ofooka koma mutu uli bwinobwino. Bambo a ku Bvumbwe, ndithandizeni chinthu chimodzi ndisanapite: lipenga lalikululo ndingasiyanitse bwanji ngati ndi euphonium kapena baritone? Ndikufuna ndikawafunse gogowo za munthu amene ankaliimba, chifukwa m'mudzi munthu wonyamula chida chotere sangalephere kukhala ndi dzina lomutchulira.